Mtsinje Wosintha Maonekedwe

M'komboni ya George, kumadzulo kwa mzinda wa Lusaka, mukhala abambo ena acikulire amene kwa zaka makumi asanu akhala akuuza aliyense wowachera khutu kuti kwao kuli mtsinje umene usintha maonekedwe monga momwe mkazi asinthira citenje. Abambowa ndi Akunda a ku Malambo, m'dziko la mfumu Kakumbi. Anabadwa mu 1950, ndipo anafika mu Lusaka mu 1973, George ikali ya nyumba za dothi ndi tinjira tokhotakhota. Anagwira nchito ya ukalipentala kufikira manja atayamba kunjenjemera. Ana ao anaimva nkhani ya mtsinjewo mpaka kutopa nayo. Anansi ao akaona kuti nkhani yayambika anali kukodolana, nanena kuti, "Ayambako za Luangwa."

Anansiwo sitingawapatse mlandu. Munthu wobadwira mu George adziwa madzi a pa pompi, amene agula ndi ndalama, ndi madzi a m'zitsime zosazama, amene aoneka oyera koma abisa matenda. Adziwanso madzi akuda amene adzaza m'njira m'dzinja, atatenga zinyalala ndi za m'zimbudzi. Matanki ndi mapompi a m'komboniyi anamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan pakati pa 1994 ndi 2000, kolera itatha anthu m'zaka zoyamba za m'ma 1990. Nthendayo inabweranso kangapo, ndipo mu Januwale 2024 odwala a mu Lusaka anagonekedwa m'bwalo la mpira la Heroes, masukulu natsekedwa kufikira mu Febuluwale. Kwa anthu oona zotere, madzi akasintha mtundu ndiko kuti aipa. Tsono nkhalamba yoyamikira mtsinje cifukwa ca kusintha mtundu inali kuoneka ngati yosokonezeka mutu.

Amene anautsa nkhaniyi ndi mdzukulu wao wamkazi wa zaka 18, amene anatsiriza Giredi 12 mu 2023 ndipo anali kugwira nchito m'kanyumba kotumizirako ndalama pa foni. Madzulo ena a mu Ogasiti 2024, magetsi atapita monga mwa masiku onse a caka cacilalaco, banja linakhala panja pafupi ndi mbaula. Mtsikanayo anatulutsa foni yace, nati, "Agogo, bwerani muone mtsinje weniweni wa mitundu."

Cimene anawaonetsa cinali mtsinje wa Caño Cristales wa ku Colombia, m'malo osungidwa a Serranía de la Macarena. Madzi ace ndi oyera mbee, koma pa miyala ya pansi pamera kacomera kochedwa Macarenia clavigera, kamene kafiira psuu kuyambira pakati pa caka kufikira ca mu Novembala, kotero kuti mtsinje wonse uoneka ngati utawaleza wagwera m'madzi. Anawaonetsanso wina wa ku Costa Rica, Río Celeste, m'paki ya Tenorio, pomwe timitsinje tiwiri ta madzi oyera tikumana, madzi nasanduka a mtundu wa thambo pomwepo, kaamba ka tizidutswa ta miyala tosaoneka ndi maso timene tibweza kuwala kwa dzuwa.

Agogowo anatenga foni, naisendeza pafupi ndi nkhope mpaka kukhudza mphuno. Anaipendeketsa uku ndi uku. Kenaka anaibweza, nati, "Ndaona." Onse okhala pa mbaulapo anadziwa kuti sanaone kanthu.

Kunena zoona, banja linali kudziwa kale kuti maso ao ali ndi ng'ala. Caka capitaco a dokotala anawauza kuti bvutolo licotsedwa ndi opaleshoni yaing'ono, ndipo anawapatsa cikalata ca tsiku lobwerera. Cikalataco cinasowa m'nyumba, ndipo palibe anadziwa kumene cinapita. Iwo anali kunena kuti diso si thabwa loti munthu alipale, ndi kuti anamvapo za wina amene analowa m'cipatala akuona pang'ono natuluka wosaona konse. Usiku umenewo mwana wao wamkazi anayambanso kuwacondelera, koma yankho lao linali lacilendo.

"Maso awa anayamba kuona pa Luangwa. Asanawakhudze munthu ndi mpeni, akaonenso Luangwa. Ndipo mkazi wangayu," anatero akuloza mdzukulu monga mwa nthabwala ya agogo, "apite nane, akaone ngati ndine wabodza."

Ndalama zinacokera ku cilimba ca mwana wao, ndi ku masowo awiri ndi benci ya ukalipentala zimene agogowo anagulitsa kwa mnyamata amene anamphunzitsa nchito. Pa 22 Okutobala 2024 anakwera basi pa Intercity mbandakuca.

Mtsikanayo anauona mtsinje koyamba pa mlatho waukulu wa pa mseu wa Great East, umene unatsegulidwa mu 1968, pomwe apaulendo atsika kugula nsomba zouma ndi madengu. Anasuzumira pa zenera, naona mcenga wambiri ndi kamzere ka madzi otuwa. Anafunsa mwaulemu, koma mau ace anamveka kugwa mphwayi: "Agogo, ndi umenewu?"

"Uwu ndi mcira cabe," iwo anayankha, osatembenuka n'komwe.

Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi mtunda wa makilomita ngati 570, ndipo kucoka pa Chipata kutsikira ku Mfuwe ena ngati 130. Atapitirira pa Jumbe, kutentha kwa m'cigwa kunawalandira. Mwana wa mu Lusaka anali asanamvepo mphepo yotentha ngati yocokera m'ng'anjo. Agogo ace anatsegula mabatani a malaya, namwetulira, nayamba kuchula mitengo ndi pfungo lace lokha.

Anafikira kwa mwana wa mlongo wao, amene ayendetsa motoka wa alendo pa msasa wina. Popanda iye ulendowu ukanathera pa cipata. Nzika ya Zambia ilipira ndalama zocepa poyerekeza ndi mlendo wa kunja, koma m'paki salowa ndi miyendo, ndipo kubwereka motoka kwa tsiku limodzi ndi ndalama imene banja la m'komboni lidyera masiku ambiri. Ndico cifukwa cace munthu wocokera ku London aidziwa South Luangwa kuposa mwana wa ku George, ndipo ngakhale ana ambiri a m'midzi ya Kakumbi aona njobvu usiku wokha, ikudya cimanga ca atate ao. Agogowo sanakondwe kupereka citupa cao ca rejisitala pa cipata. Anang'ung'udza kuti atate ao anali kuoloka malo omwewo ndi bwato kukafula uci, osafunsidwa dzina.

Kung'ung'udzako kuli ndi mbiri yace. Tsidya la kumadzulo linapatulidwa kukhala losungirako nyama mu 1938, boma la atsamunda likulamulira. Mu 1950 Norman Carr anakambirana ndi mfumu yaikulu Nsefu, mfumuyo nipatula mbali ya dziko lace kuti alendo azibwera kudzaona nyama ndipo ndalama zizipita kwa anthu ace. Mu 1972 boma la Zambia linalengeza malowa kukhala paki, ya ukulu wa makilomita 9,050 m'bwalo lace lonse. Mtsinje ndiwo malire ace a kum'mawa pa mtunda wautali.

Analowa nthawi ya 6 koloko m'mawa, motoka niima pakati pa mlatho wa Mfuwe. Agogowo anaimirira, nagwira citsulo, nayang'ana kumtunda nthawi yaitali. Kenaka anakhala pansi, nanena motsitsa mau kuti, "Ndiona utsi wokha. Ndiuze iwe."

Mtsikanayo anayamba mwamanyazi. Anati madzi ndi ofiirira ngati makala amene atsala pang'ono kuzima. Asanatsirize, anati ai, tsopano ali ngati mkuwa. Dzuwa litakwera pang'ono anati asanduka otuwa ngati lata latsopano, ndipo mcenga wa m'mbali wayera ngati ufa. Agogo ace anali kubvomera ndi mutu pa mau alionse, nafunsa ngati pa dziwe la kumunsi, pomwe madzi aima, sipaoneka pobiriwira. Mtsikanayo anadabwa, pakuti panalidi pobiriwira. Iwo anamlongosolera kuti m'cilimwe mtsinje ukhala wopanda mphamvu, matope amira pansi, ndipo ndere imera m'madzi ofundawo, ikudya ndowe za mvuu.

Mvuuzo zinali zounjikana m'dziwemo ngati miyala, mazana angapo pa malo amodzi, pakuti cilala ca caka cimeneco cinacepetsa maiwe akuya. Zina zimene zinali pa mcenga zinali kuoneka zofiira m'khosi ndi kumaso, ndipo mtsikanayo anayesa kuti zabvulazana. Woyendetsa motoka anamuuza kuti ndi mafuta amene khungu la mvuu litulutsa kudziteteza ku dzuwa, ndipo anthu ambiri awayesa magazi. Patsogolo anapeza thawale lophimbidwa lonse ndi zomera zoyandama zonga kabici, lobiriwira biriwiri pakati pa chire louma, njobvu ziwiri zikuyenda m'menemo madzi ali m'mimba. Mtsikanayo anaiwala foni yace pa mpando.

Koma agogowo anali kufuna malo amodzi okha, ndipo mwana wa mlongo wao anali kuwadziwa. Anayendetsa motoka kufika pomwe mtsinje ukhota, pomwe gombe la tsidya lina laima cilili ngati cipupa ca nyumba. Injini isanazime, nkhalambayo inakweza dzanja. Inali itamva kale phokoso.

"Afulagombe," inatero. "Alipo ambiri?"

Mtsikanayo sanayankhe msanga. Cipupa conse ca gombe cinali cobooka timauna mazanamazana, ndipo pa khomo la una uliwonse panali mbalame yofiira. Zina zinali zitadzaza mtengo wouma umene unagwera m'madzi, mpaka mtengowo kuoneka ngati waphuka maluwa. Pamene nkhwazi inadutsa pamwamba, zonse zinauluka pamodzi, ndipo kufiira kwao kunaoneka kawiri, m'mwamba ndi m'madzi.

"Agogo, mtsinje wafiira," anatero, mau akunjenjemera.

"Wafiira bwanji? Usandiuze kuti wafiira cabe."

Apa ndi pomwe mwana wa m'tauni anasowa mau. Anati ngati cakumwa ca m'botolo. Agogo anakana. Anati ngati yunifomu ya amai a ku chalichi. Agogo anati wayandikira, koma ayang'anitsitse pa khosi ndi pa mimba. Iye anayang'ana, nati pa msana mpofiira kwambiri, pa mimba mpofiirira mopepuka ngati mkati mwa gwafa, pa mutu ndi pansi pa mcira pali mtundu wa pakati pa thambo ndi msipu, ndipo pa diso padutsa mzere wakuda ngati wolembedwa ndi khala. Anawauzanso za nthenga ziwiri zazitali za ku mcira. Nkhalambayo inatseka maso ace odwalawo, nimvetsera, nimuuza kuti abwerezenso.

Atatha kubwereza, agogowo anamuuza zimene maso sangaone. Anati mbalamezi zifika kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, zikumba una wotalika kuposa mkono wa munthu, mwina mamita awiri, ndi kuikira mazira kumapeto kwace. Zidya njuci, dzombe ndi tizilombo tina touluka, ndipo zikaona utsi wa moto wa m'chire zithamangira komweko kukagwira tothawa moto. Ziyenera kulera ana ndi kuwatulutsa madzi asanakwere, pakuti m'dzinja mtsinje udya gombe lomwelo ndi kuligwetsa. Caka cotsatira zipeza cipupa catsopano, cofewa, cosongoka bwino, cimene ng'azi ibvutika kukwera.

Zimenezi zitheka cifukwa Luangwa, kucokera ku mapiri a Mafinga kufikira pomwe uthira mu Zambezi, sunatsekedwe ndi damu pa njira yace yonse. Usefukira caka ndi caka, ugumula kunja kwa makhota, usiya mcenga mkati mwace, ndipo nthawi zina udula njira yatsopano ndi kusiya yakale kukhala thawale. Panali maganizo omanga damu ya magetsi pa Ndevu, kumunsi kwa paki, koma boma linawaimitsa mu 2019 anthu a m'cigwa ndi ena ambiri atadandaula. Pokumbukira mdima wa mu 2024, alipo ena mu Lusaka amene anganene kuti magetsiwo akanathandiza. Amene anaima pa gombe lija m'mawa umenewo sakanabvomera msanga.

Pobwerera anaima pa msika wa Mfuwe umene anthu auchula kuti Cropping. Mtsikanayo anafunsa tanthauzo la dzinali, ndipo agogo ace anakhala cete kanthawi. Kenaka anamuuza mtundu wina wa mtsinje umene sanauzepo ana ao. Kuyambira mu 1965 kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, boma linali kupha njobvu, mvuu ndi njati kuti zicepe, pakuti akatswiri anati zaculuka ndipo ziononga mitengo. Nyama inali kukonzedwa pa malo omwewo ndi kutumizidwa kukagulitsidwa. Iwo anagwirako nchito ali mnyamata, yonyamula ndi kutsuka. Anati mvuu zikaomberedwa m'dziwe usiku, m'mawa madzi anali kukhala ofiira mwa mtundu wina, ndipo ng'ona zinali kubwera kucokera kutali.

"Tinali kuyesa kuti nyama sizingathe," anatero. Pa nthawiyo njobvu za m'cigwa conse zinali kuwerengedwa pafupifupi 100,000. Opha nyama mobisa a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anazicepetsa koopsa, ndipo cipembere anacitheratu. Zipembere zimene zili m'dziko lino lero ku North Luangwa zinayamba kubweretsedwa ndi ndeke kucokera ku South Africa mu 2003. Agogowo anati ali mwana anathamangitsidwapo ndi cipembere mpaka kukwera mtengo wa bwemba. Mdzukulu anaseka, koma iwo sanaseke.

Panatsala cinthu cimodzi. Madzulo mtsikanayo anawakumbutsa kuti kwa zaka zonse anali kunena za mtsinje wofiira ngati katondo, wodzaza mpaka m'mitengo, ndipo umenewo sanauone. Mvula inali isanagwe, ndipo ndalama sizikanalola kuiyembekeza. M'mawa mwace agogowo anapempha botolo la pulasitiki, natsogoleredwa ku gombe la tsidya la midzi, kunja kwa paki, pomwe amai atunga madzi m'zitsime za mu mcenga poopa ng'ona. Anagwada, napapasa ndi zala mpaka atapeza dothi losalala limene madzi a dzinja lapita anasiya, long'ambika ngati mapale. Analifikisa m'manja, nalithira m'botolo la madzi, nakhuchumula.

"Uyu ndi Luangwa wa mu Febuluwale," anatero.

Madziwo anali ofiira ngati thobwa la mawere. Mtsikanayo anaimika botolo pa mcenga, ndipo pasanapite nthawi dothi linayamba kutsikira pansi, madzi a pamwamba nayera. Dothi limenelo, inu alimi a ku Lundazi, a ku Chipata ndi a ku Katete, ndi la m'minda mwanu. Mvula yoyamba ikagwa pa mtunda, mitsinje ya Lundazi, Lukusuzi, Lukuzye, Msandile ndi Lupande ilinyamula kutsikira nalo m'cigwa. Zatero kuyambira kale, ndipo ndilo lipatsa nthaka ku madimba a Akunda. Koma mwana wa mlongo uja anati iye aona kusintha: madzi a Lupande afika mwaukali tsiku limodzi, naphwa msanga, nasiya mcenga pomwe panali maiwe. Iye anati cifukwa cace ndi mitengo imene itha kumtunda, ya makala, ya fodya ndi ya minda yofika mpaka m'mphepete mwa madzi. Mtsikanayo anakumbukira matumba a makala amene anawaona m'mbali mwa mseu kuyambira pa Chongwe mpaka pa Nyimba, ndi mbaula ya kunyumba kwao imene siizima, ndipo sananene kanthu.

Botolo lija analitenga kupita nalo ku George, naliika pa zenera. Anansi ena anayesa kuti ndi mankhwala a kumudzi. Ana a pafupi anazolowera kubwera kudzalikhuchumula ndi kupenyerera dothi likutsika, ndipo tsopano amene anali kufotokoza za afulagombe pa pompi anali mdzukulu, agogo ace akungowongolera pomwe walakwitsa.

Patapita masabata awiri, agogowo anaitana mwana wao wamkazi, namuuza kuti atsegule bokosi lakale la misomali limene linali pansi pa bedi. Cikalata ca ku cipatala cinali momwemo, copindidwa kanai. Tsiku lace linali litapita kale, ndipo anayenera kuima pa mzere kawiri kuti apatsidwe lina.

Diso loyamba linacitidwa opaleshoni mu 2025. M'mawa mwace namwino atacotsa nsalu, nkhalambayo inayang'ana manja ace, niyang'ana nkhope ya mdzukulu nthawi yaitali, nimuuza kuti wakula kuposa momwe inali kuganizira. Kenaka inapempha foni, kuti ione mtsinje uja wa ku Colombia. Inaupenyerera kuyambira poyamba mpaka potsiriza, niubwerezanso kaciwiri.

"Ndi wokongola ndithu," inatero pobweza foni. "Koma mulibe mvuu."